Wopopera wa ku Mwansambo

Liwu n'limodzi lomwe:
mankhwala.
Amene nesi anandipatsa malungo atandigwetsa Malichi uja,
ndi amene ndabereka kumsanaku,
malita khumi ndi asanu ndi limodzi
akugwedezeka ngati mwana wokana tulo.
Ena amadzutsa, ena amagoneka.
Chichewa sichinawasiyanitse, chinatisiyira ife.

Lapukeni wa pasitolo ya mbewu
amapungula m'chigubu chachikulu
n'kuthira m'kabotolo ka madzi akumwa.
Pepala la malangizo limatsala pachigubu chake,
ine ndimanyamuka ndi apakamwa:
"Zitsekerero zisanu pa mpope umodzi.
Upopere mame atauma, mphepo isanadzuke,
kumwamba kukada usayambe.
Uvale magolovesi ndi jombo."
Ndinaseka. Jombo zanga zinali ming'alu ya kuphazi,
kukamwa ndinkamanga mpango wa mkazi wanga.

Sindinganame, ntchito amaigwira.
Ekala ya a Chimkwita,
yomwe inkadya makasu asanu sabata yathunthu,
ine ndimaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo.
Tsiku loyamba udzu umangondiyang'ana.
Lachinayi lake kapinga wachita chikasu kunsonga,
lakhumi munda wonse wapsa
ndi moto wopanda utsi.
Poizoni amalowera patsamba,
n'kutsika mwakachetechete
kukapha muzu kumene khasu silifika.
Misana yawongoka kuno.
Ana sajombanso kusukulu chifukwa cha kupalira.
Izinso n'zoona, ndipo ndazinena.

Koma mankhwala sadziwa malire a munda.
Tsiku lina kamphepo kanatembenuka ndili pakati pa mzere,
nkhungu yanga inadumpha nandolo wa m'malire
n'kukatera pa maungu a Nagama.
Anabwera ndi nkhwani wopiringizika m'manja.
Sanakalipe. Anangofunsa:
"Nanga bonongwe uja, luni, chisoso, denje,
ndiwo zomwe tinkathyola osabzala,
munazilemba liti m'gulu la adani?"
Ndinayang'ana pansi.
Pansipo panali mbee, popanda yankho.

Mpope ndinkatsukira ku Lifuliza,
pamwala pomwe amayi amachapira,
thovu n'kumatsetsereka kulowera ku Chia.
Sabata yotsatira ndinapeza mbululu
zitayandama chagada m'chithaphwi,
nkhanu itauma pakhomo pa una wake.
Sindinaphunzire za madzi ine,
sindinganene kuti ndine ndinachita.
Sindinganenenso kuti si ine.

Chinandiimitsa mtima ndi Tiyesere,
wanga wa zaka zinayi,
atatola kabotolo kaja kuseri kwa nkhokwe,
akuthamanga nako kumjigo, ludzu lili pakhosi.
Ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.
Analira, osadziwa chomwe walakwa.
Madzulo omwewo ndinatsuka mabotolo onse katatu,
zotsukirazo ndinakathira m'munda wopoperedwa kale,
kutali ndi chitsime,
kenako botolo lililonse ndinaliboola ndi msomali
kuti lisadzasungenso mchere, mafuta,
kapena madzi a mwana wa munthu.

Lero ndimapoperabe,
feteleza sagulidwa ndi chisoni.
Koma ndimayamba ndaponya fumbi m'mwamba
kufunsa mphepo kumene ikupita.
M'mbali mwa mtsinje ndimasiyira khasu,
ndipo cha kwa Nagama ndimasiya kandime kobiriwira
komwe a Chimkwita amati ndi ulesi wanga
n'kundidula mazana awiri.
Jombo ndagula, zapakaunjika,
yakumanzere n'njaikulu.
Zala zimayabwabe usiku.

Ndipo kapinga wa kumunsi kwa chulu,
yemwe chaka chatha anafa ndi zitsekerero zisanu,
chaka chino wamwa zisanu ndi ziwiri,
wangofota masiku atatu
n'kudzuka.
Ndinakamuuza Lapukeni.
Iye anangotsitsa chigubu china pashelefu,
cha mzere wofiira kunsi kwake,
n'kundifunsa ngati ndabwera ndi kabotolo.